Ndinawalitsa Boti la Apongozi

Zaka zambiri ndinagwira ntchito pa galaja ina ku Lilongwe, yopenta ndi kuwalitsa magalimoto. Galimoto ikabwera yotuwa ngati yagona paphulusa, inkachoka m'manja mwanga mwini wake akudziyang'anirapo nkhope. Ntchitoyo ndinkaidziwa, ndipo ndinkafuna aliyense adziwe kuti ndimaidziwa. Matenda anga anali amenewo.

Galajayo itatsekedwa, ine ndi mkazi wanga tinapita kukakhala kwawo, m'mphepete mwa nyanja ku Salima. Ine kwathu ndi ku Chitala, kolima chimanga, ndipo madzi omwe ndinkawadziwa ndi a pachitsime. Pamudzi wa asodzi ndinali munthu wongodya. Alamu anga awiri akamasoka maukonde ankandiseka. "Alamu, khalani pamthunzi, manja a m'tauniwo angachite matuza." Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa.

Apongozi anga aamuna anali ndi boti la faibala lakalekale. Akuti poyamba linali labuluu, koma dzuwa linali litalidya mpaka kuyera, ukaligusa m'manja munkatsalira fumbi ngati la choko. Iwo anali atakula, ndevu zonse mbuu, komabe m'mawa uliwonse akachoka kumzikiti ankakwera botilo kukavuula matchera, maukonde omwe ankatchera dzulo lake. Ana awo ankalimbana nawo kuti asiye. Iwo yankho lawo linali limodzi: "Tsiku limene mudzandione ndagwa m'boti, ndidzasiya ndekha. Lisanafike limenelo, musandivute." Mudzi wonse unkawadziwa mawu amenewa.

Mphepo ya mwera itakula, boti linakhala pamchenga pafupifupi sabata. Ndinaona kuti mwayi wanga ndi umenewu. Mkamwini salunjika kwa apongozi ndi nkhani zotere, ndiye ndinatuma mkazi wanga kukandipemphera kuti ndiliwalitse botilo. Anabwera ndi yankho lalifupi: "Akuti mukonze kunjako."

Ndinayamba ndi kulitsuka ndi sopo. Kenako sandipepa wonyowetsa, woyamba wokhakhala, wachiwiri wosalalako, wachitatu wosalala kwambiri. Kugombe kunalibe magetsi, choncho ntchito ya makina ndinaigwira ndi nsanza komanso mapewa angawa. Tsiku lachitatu buluu uja anayamba kutuluka, choyamba kutsogolo, kenako mbali yonse. Ndinapaka polishi wa galimoto yemwe ndinabwera naye ku Lilongwe, ndikupukuta mozungulira mpaka zikhatho kutentha. Amayi ogula nsomba ankaima ndi mabeseni awo kumutu kumandiyang'ana. Mmodzi anati, "Kodi mwagula latsopano?" Mutu wanga unakula pomwepo.

Polishi anatsala theka la chitini. Nditasuzumira m'kati mwa boti, ndinanyansidwa. Pansi pomwe anthu amaponda panali pokhakhala, penti yake yodzaza mchenga. Ndinatukwana mumtima munthu amene anapenta mosasamala chonchi, kupentera pamphepo mchenga ukugweramo. Apongozi anati kunja, inde, koma ndinadziuza kuti ananena choncho pondimvera chisoni kuti ndingatope. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Sindinafunse munthu. Ndinapala mchenga wonse uja, pansipo panasalala, ndipo ndinapakapo polishi kawiri.

Apongozi anabwera madzulo, nalizungulira botilo manja ali kumbuyo. "Masha Allah. Akamwini, manja muli nawo." Sanakweremo. Alamu anga tsiku limenelo sanandiseke.

Mwera utaleka, ndinalawirira kugombe kuti ndikaone ntchito yanga ikulowa m'madzi. Anthu analipo ambiri. Alamu anga analikankha mpaka madzi anafika m'mawondo, nagwira mbali kuti bambo awo akwere, monga mwa masiku onse. Mkuluyo anakwera mapazi ali onyowa, naima pamalo pawo. Kafunde kakang'ono, koti ngakhale nkhuku sikanagwa nako, kanagwedeza boti. Miyendo yonse iwiri inathawa. Anamenyetsa chiuno pathabwa lokhalira, chipewa chawo n'kugwera m'madzi.

 Ana awo anawanyamula ali chiimire m'madzi, palibe anakwera m'boti. Anthu analikokera kumtunda, onse n'kuthamangira kukafuna galimoto ya kuchipatala.

Ine ndinadziwa pomwepo. Mchenga uja sunagweremo mwangozi. Unali woti phazi lonyowa lizigwira.

Chimene ndinachita masana amenewo ndicho chimandichititsa manyazi kuposa kulakwitsa kwenikweniko. Banja lonse lili kuchipatala, ndinatenga petulo pang'ono, nsanza ndi mchenga, ndinakwera m'boti n'kuchotsa polishi yense. Ndinakhula pansipo mpaka panakhakhalanso. Ndinkadzinamiza kuti ndikuteteza alamu anga kuti asagwenso. Zoona zake ndinkafufuta mapazi anga.

Fupa silinathyoke, anangobwera ndi ndodo ndi mapiritsi. Patatha masiku atatu banja linakhala pamphasa pakhonde, ine ndili kumapeto monga mkamwini. Mlamu wanga wamkulu analankhula mofatsa. "Ababa, munanena nokha. Anthu onse aona. Madzi anali bata, koma mwagwa."  Apongozi anayang'ana pansi, kenako anayang'ana mbali yanga, kamodzi kokha. Inali nthawi yanga yoti ndinene za polishi uja. Ndinaganiza za alamu anga, za amayi a mabeseni aja, za dzina lomwe ndikanapatsidwa pamudzipo mpaka imfa. Ndinayang'ana nyerere yomwe inkayenda pamphasa.

"Ndinanenadi," anatero apongozi. Nkhani inathera pomwepo.

Kuyambira pamenepo ankakhala pansi pa mtengo wa mango moyang'ana kunyanja. Boti likamanyamuka m'mawa ankalitsatira ndi maso, lili phuliphuli padzuwa. Anthu ankandiyamikirabe. Wina wa ku doko lapafupi anabwera kudzandipempha kuti ndikamuwalitsire lake, ndipo ndinapita, m'kati osakhudzamo. Chakudya chinkandikanika ndikamva ndodo yawo ikugogoda pakhonde. Mkazi wanga anandifunsa kangapo ngati ndikudwala, ine n'kumati ndi kutentha.

Inatha miyezi isanu ndisanalimbe mtima. Linali Lachisanu, apongozi atabwera ku mapemphero a Juma, ali okha pansi pa mango paja. Ndinanjuta chapatali, ndinawauza zonse, za mchenga, za polishi, za petulo. Ndinkalankhula ndikuyang'ana zala zanga.

"Ndinadziwa phazi litangoponda," anatero. "Mchenga umenewo ndinathira ndine, ndi dzanja ili. Ndinausefa ndi sefa ya amayi anu m'nyumbamu."

"Nanga bwanji simunanene, bambo?"

"Ndinene kuti mkamwini wanga wandigwetsa? Anyamata aja akanakusiyani? Mwana wanga akanaloza kuti nkhope yake? Zimenezo zinali zoti munene inu. Ndinakudikirani tsiku lija pamphasa."

Ndinati ndikawauza alamu anga madzulo omwewo, ndikauza aliyense, kuti abwerere m'boti mwawo. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mkwiyo, komwe kunandipweteka kuposa mbama.

"Auzeni, n'zabwino, mtima wanu upume. Koma nyanja siidikira munthu, akamwini. Tsiku lija ndikanapuma sabata n'kubwereramo. Miyezi isanu pampando, miyendoyi yaiwala."

Anafuna kudzuka kuti akalowe m'nyumba. Anatsamira ndodo, mawondo ananjenjemera, nakhalanso pansi. Anayesa kachiwiri, osatheka. Ndiye anatambasula dzanja kwa ine, iwo amene kale sakanalola kuti ndiwakhudze. Ndinawadzutsa. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu wouma, ndipo mpaka kukafika pakhomo thupi lawo lonse linali paphewa langa.