Zitsononkho za m'chimbudzi zinandisamutsa

Tsiku limenelo kunacha ndi chiperoni. Phiri la Zomba silinkaoneka, mvula yowaza inkagwa pamalata, ndipo kumunsi mtsinje wa Domasi unkamveka ukusokosera m'miyala. Belu la ku Mishoni litangolira, ndinamva mapazi a anthu akubwera pakhomo. Ndilo tsiku limene ndinachotsedwa pa nyumba imene ndinamanga ndi manja angawa. Inu owerenga, ndivomere poyamba kuti mbali ina ya mlanduwu ndi yanga. Ndinaona vuto likuyamba, gwero lake ndinkalidziwa, koma ndinakhala chete chifukwa cha manyazi.

Ine ndinali mkamwini. Ndinakhala kwawo kwa akazi anga zaka zoposa makumi atatu, tikulima mpunga kudambo ndi chimanga kumtunda. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi wamkazi, amene ali ku Joni ndi mwamuna wake. Akazi anga atadwala matenda akufa ziwalo, ulendo wa ku chimbudzi chokumba kuseri kwa nyumba unasanduka chintchito. Ndinkachita kuwabereka. Tsiku lina ndinaterereka nawo m'matope, iwo n'kulira, osati ndi ululu koma manyazi. Chaka chimenecho ndinagulitsa mpunga wonse n'kuitana a Saidi, mmisiri wa mapaipi wa pa Songani, kuti atiikire chimbudzi cha madzi m'nyumba. Mpopi tinali nawo kale pakhomo. Akazi anga anachigwiritsa ntchito chimbudzicho zaka ziwiri, kenako Ambuye anawatenga.

Pamaliro panabwera anthu ambiri, ndipo achibale a malemu anagona m'nyumbamo masiku asanu. Amayi achikulire ndinawalola kuti azilowa cha m'nyumba. Tsiku lachiwiri ndinaona mayi aakulu a malemu, amene kwa ine ndi apongozi, akulowa m'kachipindako atabisa zitsononkho m'chitenje. Mapepala ofewa a m'chimbudzi anali atatha. Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa ntchito ya chitsononkho, ndipo m'chimbudzi chokumba sichivuta. Koma cha madzi chili ndi khosi lopindika, chinthu chosasungunuka chimakodwa pomwepo kapena m'paipi. A Saidi anandichenjeza zimenezi tsiku limene ankachiika. Nanga mkamwini angayambire pati kuuza apongozi ake za chodzipukutira? Ife timapatukirana ngakhale panjira. Ndinangoweramitsa mutu. Sindinatume ngakhale mayi mmodzi kuti akawanong'oneze.

Anthu atabalalika, madzi anayamba kuchedwa kutsika. Ukagejemula ankayamba akwera mpaka kukamwa kwa chimbudzi, n'kumatsika mwaulesi, pomaliza n'kumveka gubudu gubudu. M'nyumba munayamba kafungo. Masiku omwewo kathanki kosunga madzi ogejemulira kanayamba kudzaza kokha. Pakapita kanthawi unkangomva tsiii, ngati wina wangotulukamo, pamene mulibe munthu. Ndinathira madzi otentha ndi sopo waufa, ndinatokosa ndi waya, osathandiza. Ndinaganiza zoitana a Saidi, koma ndinadziwa kuti akadzatulutsa zitsononkho anthu akuona, apongozi adzasowa poyang'ana. Ndinati ndidikire kaye, misozi iume.

Mng'ono wawo wa malemu ankabwera masana kudzandiphikira. Tsiku lina akutsuka mbale anamva phokoso lija, n'kuthawa osatseka chitseko. Pofika Lamulungu nkhani inali ponseponse, akuti malemu akumabwerera ku chimbudzi chawo. Kenako anthu anayamba kufunsana kuti n'chifukwa chiyani sakugona mumtendere. Yankho analipeza okha. Akuti ndinakwirira zizimba m'mapaipi kuti mpunga uzindichitira bwino, ndipo kudwala kwa akazi anga ndiko kunali mtengo wake. Ine, mkulu wa mpingo, amene sindinapondepo pakhomo la sing'anga! Kutchalitchi benchi limene ndinkakhala linayamba kutsala ndi malo. Ndinkadzitonthoza kuti mphekesera zimauma zokha ngati mame, Mulungu akudziwa.

Amene anabwera m'mawa wa chiperoni uja anali alamu anga a Mateyu, mchimwene wa malemu amenenso ndi mwinimbumba, pamodzi ndi apongozi aja ndi ankhoswe. Tinakhala pabalaza chifukwa cha mvula. Tisanamalize n'kulonjerana komwe, kathanki kaja kanalira.

"Mwadzimvera nokha, alamu," anatero a Mateyu. "Kapena mutiuza kuti wagejemula ndi mphaka?"

"Ndi mapaipi chabe, alamu," ndinayankha.

"Mapaipi anzeru bwanji, odziwa kudikira kuti munthu amwalire kaye!"

Anadzuka mwaukali, kukalowa m'kachipindako n'kugejemula kawiri motsatizana. Madzi anakwera, kusefukira, n'kuyenderera mpaka pabalaza ndi nyansi zomwe. Apongozi anagwira kumutu akulira kuti mzimu wa mwana wawo ukukana kugona, ukukana. Ndinawayang'ana. Mawu anali pamlomo penipeni, oti amayi, zimene zatseka umu ndi zija munalowa nazo. Ndinawameza.

Mwambo wathu umati mwamuna woferedwa asudzulidwe mwaulemu nthawi ikapita, ndipo wachikulire ngati ine kawirikawiri amauzidwa kuti akhale asunge nyumba ya ana. Ine anandisudzula tsiku lomwelo, pansi pali ponyowa, n'kundipatsa sabata imodzi. Mwana wanga analira pafoni, koma ali kutali, ndipo mawu a amalume ake ndi olemera. Ndinachoka ndi njinga, Baibulo, zovala ndi matumba awiri a mpunga, kupita kwa mchemwali wanga kufupi ndi Songani.

Patatha miyezi iwiri, m'nyumba muja mutalowa mphwawo wa a Mateyu ndi mkazi wake, ndinalandira uthenga woti ndikachotse zinthu zanga zimene ndinakwirira, chifukwa phokoso ndi fungo sizinathe. Apa ndiye ndinapita kwa a Saidi n'kuwafotokozera zonse. Anapukusa mutu.

"Achimwene, mukanandiitana sabata yoyamba, bwenzi nditamaliza tiyi asanazizire. Tiyeni tikamuone mzimu wanuyo."

Titafika, mudzi wonse unasonkhana kudzaona zizimba. A Saidi anayamba ndi kathanki. Anachotsa chivundikiro, kudonthezeramo buluu wochapira, n'kuuza aliyense kuti asakhudze kanthu. Posakhalitsa madzi a m'chimbudzi pansi anasanduka a buluu popanda wogejemula. Anapisa dzanja n'kutulutsa kalabala kozungulira, kothetheka m'mbali. Anafotokoza kuti kalabala kameneka ndiko kamatseka madzi. Kakatha, madzi amadontha pang'onopang'ono, mpira woyandama umatsika, ndipo kathanki kamayamba kudzaza kokha. Anaika katsopano, phokoso lija n'kutheratu.

Kenako anatuluka panja n'kuvundukula kadzenje ka simenti kamene paipi ya chimbudzi imadutsamo. Munali mouma. Anati ndiye kuti chotseka chili pakati pa apa ndi m'nyumba. Analumikiza ndodo zake zopindika, n'kumakankha akupotokola. Mwadzidzidzi zinthu zinabwera ndi mkokomo. Zitsononkho, zakuda bii, ndi kansanza kamodzi. Anazitola chimodzichimodzi n'kuzindandalika pansi, pamaso pa onse. Atagejemula, madzi anapita kamodzin'kamodzi.

"Zizimba zanu ndi izi," anatero akusamba m'manja. "Chimbudzi ichi chimadya pepala lofewa basi. Chitsononkho n'cha kudzenje."

Palibe anaseka. Apongozi anafunda chitenje kumaso n'kulowera kuseri. Manyazi amene ndinkawatetezera aja anawapezabe, tsopano pamaso pa anthu ochuluka kuposa kale. Ndinaima pamenepo ndikudikira mawu amodzi okha. A Mateyu anakanda pansi ndi phazi, n'kunena kuti chabwino, taona, komabe kusudzula kunachitika kale, sikubwezedwa. Panalibe pepani, ngakhale wondipatsa mpando. Mkazi wa mphwawo anathokoza a Saidi kuti tsopano azigona bwino, ndipo ine ndinakwera njinga yanga.

Lero ndimakhala m'kachipinda ka kuseri kwa mchemwali wanga. Manda a akazi anga ali kumudzi kuja, ndipo ndikafuna kukalambula ndimayamba ndapempha ngati mlendo. Alipo anthu amene mpaka pano amandipatsa moni ali patali. Bodza lija linayenda mudzi ndi mudzi, koma nkhani ya zitsononkho inathera pabwalo lomwe lija, chifukwa inali yochititsa manyazi eni mudzi.

Inu owerenga, chimbudzi cha madzi chikayamba kuchedwa kumeza, musadikire kuti chisefukire. Chikamalira chokha, yang'anani kalabala ka m'thanki musanayang'ane nkhope ya mnzanu. Mukalandira alendo osachizolowera, pezani munthu woyenera awauze zoyenera kutayamo, ndipo pepala lisasowe. Ine ndinkayesa kuti kukhala chete ndi ulemu, ndinkayesanso kuti ndi chikhulupiriro. Mawu awiri onong'onezedwa kwa mayi mmodzi pamaliro paja akanasunga ulemu wa apongozi, dzina langa ndi nyumba yanga. Ndinataya zonse zitatu.

Sindinama kuti sizindiwawa. Ndikadutsa pa njinga n'kuona zovala za anthu ena zitayanikidwa pa chingwe chimene ndinamangira akazi anga, ndimapalasa mofulumira osacheuka. Ndakhala nthawi yaitali ndikulephera kumaliza pemphero la Ambuye, ndikafika pa mawu a kukhululukira ndimangoima. Mpaka lero palibe amene wabwera kudzapepesa, ndipo ndinasiya kudikira. Alamu anga, apongozi anga, ndi onse amene ananditcha mfiti, ndinawakhululukira.