Ndinavomera Dzina la Msilikali Wakufa

Inu owerenga, ndinalakwa povomera dzina losakhala langa, chifukwa chongoopa kukhumudwitsa munthu wamkulu. Kwathu ku Ntcheu anatiphunzitsa kuti mkulu satsutsidwa pamaso. Khalidwe limeneli ndinafika nalo ku Rotherham, m'dziko la Mangalande, kumene ndinkaphunzira pa koleji uku ndikugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba.

M'nyumbamo munali a Raymond, mzungu wa ku Amereka amene anakwatira mayi wa ku Mangalande. Mutu wawo unali utayamba kusokonekera ndi ukalamba. Ali mnyamata anamenya nkhondo ku Vietnam. Mwana wawo wamkazi anandifotokozera kuti poyamba pulezidenti wa dziko lawo anangotumizako alangizi a usilikali, ati kukatchinga chikomyunizimu. Kenaka anawonjezera ena, womulowa m'malo anawonjezeranso, mpaka kubwerera kunasanduka chinthu chochititsa manyazi. A Raymond anatengedwa kupita kunkhondoko zinthu zitafika pamenepo. Mnzawo wapamtima, Curtis, munthu wakuda ngati ine, anafera komweko.

Atangondiona anandigwira mkono, misozi ili chuchuchu. "Curtis! Unabisala kuti, chitsiru iwe?" Ndikanangonena dzina langa, bwenzi zitathera pomwepo. Koma ndinawerama n'kuyankha kuti, "Ndilipo, bwana."

Zinayamba pang'ono. Chakudya ankalandira pokhapokha ndiwadyetse ine. Kenaka mankhwala, kenaka kusamba. Anzanga apantchito anapumula, n'kumandiseka kuti, "Curtis, thamanga, sajeni wako akukufuna!" Amayi ena a ku Zomba, amene tinkagwira nawo ntchito, ndiwo anandikokera pambali. "Achimwene, bodza lachifundo limakula ngati mwana. Mudzalidyetsa chiyani?" Ndinawathokoza mwaulemu, koma sindinasinthe.

Abwana a kuntchito anayamba kundiyimbira foni ngakhale pa masiku anga a sukulu, ndipo pakamwa panga sipankatuluka mawu oti ayi. Akukoleji anandichenjeza kuti chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinkadalira kupezeka m'kalasi. Ndinkadziuza kuti sabata yamawa ndiwauza zoona a Raymond. Sabatayo ikafika, ndinkapeza kuti ndalowa mozama kuposa kale.

Masana ena pa TV anaonetsa pulezidenti wa Amereka akulengeza zowonjezera asilikali ku Iraq. A Raymond anayesa kuti ndi nkhondo yawo ija. Anandikokera pansi kuseri kwa mpando n'kundilumbiritsa kuti sindidzawasiya okha m'tchire. Ndinalumbira, inu owerenga. Kuyambira pamenepo ndikangovala jekete ankakuwa, ndipo ndinkaivulanso.

Koleji inandichotsa, chilolezo chinatha, ndipo ndinayenera kubwerera kumudzi. Tsiku lotsazika ndinagwada pafupi nawo n'kuwauza kuti ine si Curtis. Anafunsa ndi mawu a mwana, "Nanga Curtis ali kuti?" Ndinawauza. Analira maliro atsopano, a munthu amene anamwalira ine ndisanabadwe. Amayi a ku Zomba aja anandiuza pambuyo pake kuti a Raymond anakana chakudya m'manja mwa wina aliyense, ndipo chisanu cha chaka chimenecho sanachimalize.

Achinyamata anzanga amene mukusamalira okalamba kunjako, ulemu si kuvomera chilichonse. Kanani chinthu chikadali chaching'ono, pamene kukana kumangopweteka tsiku limodzi. Ine ndinaopa kuliritsa nkhalamba kamodzi, ndipo ndinaiphera mnzake kachiwiri.