Nsungwi Imene Inatsala pa Doko

Mpaka lero fungo la dizilo likandipeza, kaya ndi pamsewu kaya ndi kuchigayo, ndimapezeka ndakhala m'boti la agogo anga aamuna, a Likhutcha, mapazi ali m'madzi ofunda onunkha matemba, chigubu chodula chili m'manja ndikukapa madzi, utsi wakuda ukutuluka m'paipi n'kumakagona pamwamba pa njedza, udzu wautali wa m'madzi, ngati nawonso watopa. Botilo linali lamatabwa, lopakidwa utoto wobiriwira m'munsi, ndipo pambali pake panalembedwa dzina lakuti Tidzafika. M'kati mwake, pakati penipeni, munali injini yakale imene agogo anaichotsa pa chigayo china chimene chinatsekedwa. Inkalira gudu, gudu, gudu, mosafulumira, ngati mayi wachikulire akusinja yekha. Agogo ankaimbira nyimbo za kutchalitchi pa kulira komweko, ndipo mawu awo ndi injiniyo sizinkaphonyana.

Ntchito yawo inali yozungulira m'zimbowera, timisasa timene asodzi a pa Chilwa amamanga pamwamba pa udzu woyandama, kukatenga nsomba n'kubwera nazo ku doko la mbali ya kwathu ku Phalombe, kumene anthu a njinga ankadikira ndi madengu. Ine ndinali mdzukulu wawo woyamba, ndipo sukulu ikatsekera ankanditenga. "Tiyeni akazi anga," ankatero, monga amaseweretsera agogo adzukulu awo, "mukaone mmene amuna anu amavutikira."

Kutsogolo kwa boti kunkaima Che Saidi, mnzawo wa agogo kuyambira ali anyamata. Anali Msilamu, wamtali, wowonda, wa kandevu koyera, ndipo ankakhala pafupi ndi msika, ulendo ndithu kuchokera ku doko. M'manja mwawo simunkachoka nsungwi yaitali, imene inachita kusalala ndi thukuta. Chilwa ndi nyanja yosazama. Malo ambiri munthu akhoza kuimirira, ndipo pansi pake ndi matope amene amasuntha chaka ndi chaka. Che Saidi ankapisa nsungwi ija m'madzi boti likuyenda, n'kumauza agogo kolowera, ndipo likakhudza pansi ankalikankha nayo.

"Kumanja, Alomwe inu! Mukufuna mulime mpunga ndi boti?"

"Tamva, a Shehe. Musatigwere m'madzi, ng'ona za kuno sizisala kudya."

Ankanyozana choncho tsiku lonse, wina kumutu wina kumchira, ndipo injini ija inkawasiyira mpata woti amvane. Nthawi yopemphera ikakwana, agogo ankachepetsa moto, n'kutembenuzira boti kumene mnzawo ankafuna kuyang'ana, n'kukhala chete chipewa chili pabondo mpaka atamaliza. M'mwezi wosala kudya agogo sankatafuna ngakhale chinangwa m'botimo, ndipo ine ankandiuza kuti ndidyere kuseri kwa madengu. Lachisanu boti linkabwerera msanga, Lamulungu silinkayenda. Che Saidi sankadya mlamba, choncho agogo ankawasankhira makumba, nsomba zonga chambo, onona kwambiri asanagulitse kwa wina aliyense. Pa nthawiyo ndinkaona ngati amuna onse akuluakulu amakhala chotero. Sindinkadziwa kuti ndikuona chinthu chimene Ambuye amapatsa anthu ochepa.

Kenako kunabwera anyamata a maboti a injini zopachika kumbuyo. Ankatipitirira ngati mphepo, mafunde awo n'kumatigwedeza, ndipo tikamafika pa doko tinkapeza a njinga ambiri atamanga kale madengu. Njala sitinagone nayo, chifukwa panali ogula ena amene ankadikirabe agogo. Chimene chinawalasa chinali pakamwa pa anyamata aja. "Kamba wafika!" ankafuula. "Madala, dzinalo munalemba bwino. Mudzafikadi, koma mawa." Che Saidi ankangoseka n'kumatsuka mapazi. Agogo ankaseka nawo, koma kunyumba ankakhala duu, nyimbo zija n'kuyamba kuchepa.

Tsiku lina ngolo ya ng'ombe inafika pa doko itanyamula injini ya lole imene inachita ngozi, pamodzi ndi makaniko wa ku boma. Injini yakale ija anaimasula, ndipo munthu wina wa ku Nazombe anaitenga kuti akaibwezere ku ntchito yake yakale yogaya chimanga. Amuna ambiri anathandizana kutsitsira yatsopanoyo m'boti ndi zingwe ndi mitengo. Itangokhazikika, matabwa analira, ndipo boti linatsika mpaka utoto wobiriwira uja unabisika wonse m'madzi.

Che Saidi anayenda mozungulira, madzi ali m'maondo, n'kuika dzanja pambali pa boti.

"Achimwene, utoto uja uli kuti?"

"Utoto sukoka boti."

"Chinthuchi n'cholemera. Muli m'nyanja ya Chilwa muno, simuli pamsewu wa tala. Ndipo chikamathamanga, ine ndipisa bwanji nsungwi? Mundimva bwanji?"

Anyamata aja anali pomwepo, akumvetsera ndi mano panja. Ndikhulupirira kuti akanakhala awiriwiri agogo akanayankha ndi nthabwala. Koma lilime ndi kachiwalo kakang'ono kamene kamayatsa nkhalango.

"Ngati boti lalemera, tichepetse katundu," anatero agogo mokweza. "Nsungwi yanuyo ndi eni ake omwe, n'zimene zakhala zikundichedwetsa zaka zonsezi."

Anyamata anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Che Saidi anayang'ana agogo kanthawi, kenako anazika nsungwi yawo m'matope a pa doko, mwamphamvu, mpaka inaima yokha. Anandisisita pamutu, nati, "Abiti, uzikapa madzi bwino," n'kutenga nkhwaira zawo m'manja, ulendo wa kumtunda.

Liwiro linabweradi. Boti linkang'amba madzi, mphepo n'kumandichotsa mpango kumutu, ndipo kangapo konse tinafika pa doko anyamata aja asanafike. Koma phokoso lake linali loti munthu sungamve ngakhale mawu ako omwe. Agogo akafuna kundiuza kanthu ankachita kundigenda ndi katemba. Kuimba kunatheratu. Asodzi a mabwato ang'onoang'ono anayamba kutikungira zibakera chifukwa mafunde athu ankawadzazira madzi. Ndipo m'mawa uliwonse tinkadutsa pafupi ndi nsungwi ija, ili chiimire, nthawi zina kakowa atatera pamwamba pake. Agogo ankayang'ana kumbali.

Chizolowezi chokha n'chimene chinawakanika kusiya. Dzanja lawo linkasankhabe makumba onona n'kuwakulunga padera. Akafika nawo kunyumba, agogo aakazi ankafunsa, "Nanga awa?"

"Ndi a Che Saidi. Ndikawatula mawa."

"Mawa lanulo lakalamba. Munthu munamuchititsa manyazi pa anthu, pitani mukagwade. Mgonero mukudya nawo bwanji kutchalitchi?"

"Ndipita ntchito ikachepa."

M'mawa mwake nsombazo zinkathera mumphika mwathu. Titamva kuti Che Saidi akudwala chifuwa, agogo anati apita mpunga ukatha kukololedwa. Mpunga unakololedwa. Mvula chaka chimenecho inali itagwa yochepa, ndipo nyanja inayamba kuthawa doko pang'onopang'ono, kusiya matope ong'aluka.

Tsiku limene sindidzaliiwala tinali kutali, pa chimbowera chakumapeto, dzuwa litangokwera pang'ono. Msodzi wina anatuluka m'kamsasa foni ili m'manja.

"A Likhutcha, pepani. Che Saidi atisiya m'bandakucha. Akuti aika akangoswali masana."

Agogo anagwetsa dengu. Ankadziwa bwino kuti anzathu achisilamu maliro sagoneka. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana injini, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwira kachiyembekezo. "Khalani pansi, akazi anga, mugwiritse," anatero. "Lero ndiye tsiku lake la chinthuchi."

Panali njira ziwiri. Ina inali yozungulira pa madzi akuya, ina inali ngalande yachidule yodutsa pakati pa njedza, imene iwo ndi Che Saidi ankadzeramo masiku onse ndi injini yakale. Agogo analowa m'ngalande moto uli wonse. Njedza zinkangodutsa m'mbali ngati mizere. Kenako boti linagunda pansi, ine ndinagubuduzika mpaka kutsogolo, ndipo tinaima. Injini inabangula, ikuponya matope akuda kumbuyo, ndipo pamene agogo ankawonjezera moto ndi pamene boti linkadzikumbira manda. Anazimitsa. Kunagwa bata loti tinkamva udzudzu.

Ndinawaona akutambasula dzanja osayang'ana, kufuna chinthu chimene chinkakhala m'botimo nthawi zonse. Munalibe. Nsungwi inali ku doko.

Anadumphira m'matope mpaka m'chifuwa, munthu wa imvi, n'kuika phewa kumchira kwa boti. Anakankha mpaka misempha ya m'khosi inatupa. Ine ndinataya madengu a nsomba m'madzi kuti lipepuke, koma silinasunthe ngakhale pang'ono. Dzuwa linafika pamutu ife tili pomwepo. Agogo anasiya kukankha, anatsamira mutu pa thabwa lolembedwa dzina lija, ndipo ndinawamva akuitana Mulungu m'Chilomwe cha amayi awo, chimene sankapempherera pagulu: "Muluku, Muluku." Panalibe mawu ena.

Amene anatichotsapo anali nkhalamba ina yodutsa pa bwato logoba, ikukankha ndi nsungwi mosafulumira. Inatitula pa doko dzuwa litapendeka. Tinakwera kabaza, agogo matope ali mpaka m'makutu, phukusi la makumba lili pachifuwa, pakuti ilo lokha sanalole kuti nditaye. Tikufika pamudzi pa Che Saidi n'kuti amuna akubwera kuchokera kumanda, akusamba m'manja.

Mwana wamkulu wa Che Saidi anatichingamira n'kugwira agogo manja onse awiri.

"Bambo, tinayang'anayang'ana kunjira, koma mwambo wathu mukuudziwa."

Agogo anangogwedeza mutu.

"Masiku omalizawa ankangonena za inu. Amvekere, nyanja ikuphwa, wina akawauze Alomwe aja asadzerenso m'ngalande. Ife tinkayesa ndi kutentha kwa thupi kukuwayankhulitsa."

Agogo anaika phukusi lija pakhonde, pafupi ndi nkhwaira za mnzawo, n'kukhala pansi m'fumbi. Sindinawaonepo akulira chotero, ngakhale pa maliro a abale awo enieni.

Tidzafika silinabwererenso ku doko. Nyanja inauma chaka chimenecho, ndipo boti linatsala pakati pa dambo long'aluka, injini ya lole ija ikuchita dzimbiri, mpaka anthu anaimasula chidutswachidutswa. Madzi atabwerera agogo sanafunenso boti lina. Anakazula nsungwi ija n'kuisomeka kudenga kwa khonde lawo. Ndipo anayamba chinthu chimene chinkaseketsa amayi a m'mudzi: ufa ukatha, ankamanga okha chimanga panjinga, kupitirira zigayo zamagetsi zapafupi, mpaka ku Nazombe, kumene injini yawo yakale inkagayabe. Tsiku lina ndinapita nawo. Anakhala pa njerwa panja pa chigayo, maso ali otseka, chala chikugunda bondo motsatira gudu, gudu, gudu.

"Tamverani, akazi anga," anatero. "Iyi munthu akayankhula, mnzake amamva."

Agogo anamwalira ali okhulupirira, ndipo sindikayika kuti Iye amene amakhululukira zazikulu anawalandira. Koma ndinaphunzira ndili mwana kuti chikhululukiro cha kumwamba sichibweza tsiku limene ladutsa. Malemba amatiuza kuti tiyanjane ndi mbale wathu tikadali naye panjira, ndipo ine ndikamva mawu amenewo pa guwa sindiona mlaliki. Ndimaona dzanja la agogo likufufuza m'boti.

Nsungwi ija ili kwanga tsopano, kudenga kwa khonde. Yachita mng'alu, ndipo anankafumbwe aiyamba kumapeto, koma pamene Che Saidi ankagwira pakadali posalala. Ine ndi mlongo wanga timakangana kawirikawiri, pakuti tonse tinatengera pakamwa pa agogo. Zikatero ndimalowa m'nyumba nditakwiya, ndikudziuza kuti ndikamuona mawa. Ndiye potuluka ndimaweramira pansi pa nsungwi ija. Ndimabwerera kukatenga mpango, n'kuyamba ulendo wapansi wopita kwa mlongo wangayo dzuwa likadalipo.