Mayi Telala Ayeza Nangula

Anthu amawadziwa kuti Mayi Telala chifukwa cha makina osokera amene amakhala pakhonde pawo. Kwa zaka zambiri asokera ana asukulu mayunifolomu, ndi azibambo a mimba zazikulu mathalauza obisa mimbazo. Koma panali ntchito ina imene palibe ankaiwerengera. M'mawa uliwonse, asanavundukule makina, ankatsikira kudoko kukamanga nangula pa boti la amuna awo, a Kaputeni, lowolotsa anthu ndi katundu.

Botilo limagona pa nangula. Kukacha amamukweza, ndipo tsiku lonse amangokhala pathabwa la kutsogolo. Nangulayo anamuwotcherera kuchokera ku zitsulo zotsala pomanga nyumba: mano anayi, limodzi lalitali lopindikira kunja. Ukamugoneka amatembenuka, ukamuimika amagwa, mafunde akakula amayenda pathabwa ngati nkhanu. Chaka chatha anagwera a Kaputeni paphazi. Chifukwa cha matenda a shuga balalo silinapole, mpaka kuchipatala anadula chala. Adokotala anaitanira Mayi Telala pambali n'kuwauza kuti bala lina likadzabwera, lidzapita ndi phazi lonse.

A Kaputeni zala za m'manja zinachita dzanzi, mfundo zawo zimamasuka zokha. Mng'ono wawo, amene amathandiza m'botimo, amamanga mwaphuma ngati womangirira mbuzi ya eni. Choncho mayiwo ankamanga okha.

Tsopano mwana wawo wamkazi anali pafupi kuchira kutauni, ndipo Mayi Telala anayenera kukakhala naye miyezi iwiri. Ulendo unali Loweruka. Lolemba anafika kudoko tepi ili m'khosi, nyuzi zakale zili kukhwapa.

"Alamu, mwayamba kusokera zitsulo?" anafuula mng'ono wa a Kaputeni. "Ine malaya anga aja ndi a chaka chatha, nangula ndiye walowa kutsogolo?"

"Uyu sasuntha pomuyeza. Tagwirani dzino ili, musangoima."

Anayeza dzino lililonse, kutalika kwake ndi kupindika kwake. Anayala nyuzi pansi pa nangula, n'kulemba mozungulira ndi choko, monga amachitira ndi munthu wa phewa lopendekeka. Chovala chimatsata thupi, sukakamiza thupi kutsata chovala.

Kalipentala atawona pepalalo anakanda m'mutu. "Mayi, ichi n'chiyani? Diresi la nkhanu?"

"Mtengo wokhuthala, mugobe mmene ndalembamu. Musawongole pamene papindika. Ndikudziwa inu mumakonda kuwongola."

Kwa makanika anapempha lamba wa mpando wa galimoto yakufa, wokhala ndi chomangira chake. Posoka lambayo masingano atatu anathyoka. Wachinayi anamukankha ndi dzanja, pang'onopang'ono, mpaka chala chinatuluka thuza.

Lachinayi anamangirira mtengowo pathabwa ndi mabawuti. Ataikamo nangula, mano atatu analowa bwinobwino, koma dzino lalitali lija linatsala m'mwamba, likugwedezeka. Kalipentala anali atawongola ndithu.

"Basi, mayi, mwayesetsa," anatero a Kaputeni. "Ndizingosamala poyenda."

"Chaka chatha simunkasamala kodi?"

A Kaputeni anayang'ana kumadzi.

Mayi Telala anapaka choko padzinolo, n'kuliponderezera pamtengo. Pamene panatsala choyera, anagoba ndi tchizulo chobwereka. Anapakanso, anagobanso. Maulendo awiri a boti anadikira, anthu akung'ung'udza padoko, iwo ali chogwada, osatukula mutu. Kachisanu ndi chiwiri dzinolo linakhala pansi, phee.

"Tsopano mangani ndinu," anauza amuna awo. "Alamu, manja kumbuyo."

A Kaputeni anawerama. Zala zawo zinaphonya kawiri, kachitatu chomangira chinalira kuti khwatcha. Mayiwo anamasula.

"Bwerezani."

"Kodi ndili kusukulu?"

"Bwerezani, bambo."

Anabwereza kasanu. Kenako Mayi Telala anakwera nawo ulendo wotsatira, nakhala kutsogolo penipeni, pamene madzi amawaza. Pakati, boti lalikulu linadutsa n'kuwasiyira mafunde. Matumba anagubuduzika, mayi wina anakuwa, alamu anagwira chitsulo. Nangula sanasunthe ngakhale pang'ono.

Loweruka m'mawa, chikwama chili m'manja, anadzera kudoko. Sanatsike. Anaima pamwamba pa masitepe, akuwona abale awiriwo akukweza nangula ali chidonthedonthe. Alamu anamugoneka m'malo mwake, a Kaputeni anawerama ndi lamba uja. Kuchokera pamene anaimapo anamva kulira kwa chomangira.

A Kaputeni anadzuka n'kuwaona. "Mukamupatse moni mwanayo! Mukamuuze ndidzabwera ndi mapazi anga onse!"

Mayi Telala anagwedeza mutu, anasinthira chikwama kudzanja lopanda thuza, n'kulunjika kokwerera basi.