Tizigoba ta M'bokosi la Machesi

Ndikatsegula bokosi la machesi, kafungo kake kamandinyansa. Kamandibwezera kusukulu ya pa esiteti ya tiyi ku Chipinge, ndili Giredi 7.

Aphunzitsi a Mlambo anabwera ndi timiyala toperapera ndi galasi lokulitsa zinthu. M'timiyalamo munali tizigoba ta tizilombo ta m'madzi tomwe tinafa kalekale, tochepa kuposa njere ya mawere. Kalikonse kanali ndi mbali ziwiri zolumikizana kumsana ngati chitseko. Tina tinali tosalala, tina tamaenjemaenje, tina taminga. Ine ndinkaganiza kuti totsekato tangogona, choncho ndinkatinyamula pang'onopang'ono ndi kaudzu konyowa kuti tisadzuke.

"Amene asankhule bwino mitundu yake ndipita naye ku Mutare, akalembe mayeso opezera malo aulere ku sekondale," anatero aphunzitsiwo.

Aliyense anapatsidwa timiyala take topita nato kunyumba. Loweruka lonse ndinakhalira kusankhula, mtundu uliwonse m'kapepala kake, n'kuika m'bokosi la machesi. Lamlungu ndinapeza bambo akuthira fodya wawo wamphuno m'bokosimo.

"Baba, zanga zija zili kuti?"

"Mchenga uja? Ndataya panja. Anzako akuthyola tiyi, iwe uli pano kuwerenga mchenga?"

Ndinakwawa pabwalo ponse mpaka maondo kusupuka, osapeza ngakhale kamodzi. Ku Mutare kunapita mwana wa kalaliki. Ine chaka chotsatira ndinabereka dengu la tiyi.

Tizigoba tija tinapirira zaka zosawerengeka m'mwala, koma m'nyumba ya bambo anga tinalephera kukhala masiku awiri.