Kupita Padera

Kawiri konse sukulu ya udokotala ya kumzinda inandikana. Kumeneko sakuona ndi nkhope yomwe: umalemba mayeso, amapachika mayina pakhoma, lako palibe, basi kwera chapa, minibasi ija, uzibwerera kwanu ku Majaua. Bambo anandiuza mosabisa kuti ndikalepheranso kachitatu, ndikathandize azakhali kugulitsa zitenje kumalire a Milange. Ine zitenje? Ndinalira ndi ukali.

Chaka chachitatucho ndinayesa sukulu ina, imene ukakhoza mayeso amakuitana kuti acheze nawe pamaso. Achimwene anga, amene ndi mphunzitsi, anandikonzekeretsa mwezi wathunthu. Ankandiimika pakhonde n'kumandibwerezetsa Chipwitikizi mpaka lilime kuuma.

"Chinyanja chako ukachisiye pachipata," ankatero. "Akakangomva fungo la kumudzi, kwako kwatha."

Tsikulo ndinapeza anthu atatu kuseri kwa tebulo, pakati pawo mayi wa imvi, dokotala. Anandifunsa chifukwa chimene ndinkafunira ntchitoyi. Ndinalakatula zoloweza zija bwinobwino, zakuti ndikufuna kupulumutsa miyoyo ndi kutumikira dziko. Mayiyo anaika cholembera pansi.

"Aliyense walowa muno wanena zomwezo. Ulibe zako?"

Aa, mtima unandiphulika! Mwezi wonse pakhonde, iwo n'kuzitaya ngati madeya? Ndinaiwala malangizo onse. Ndinati zanga ndili nazo, ndipo ndinawauza za alamu anga.

Alamuwo, akazi a achimwene aakulu, tinawatengera kuchipatala panjinga ali lefulefu, ine ndikuwagwirizira kumbuyo. Namwino amene tinamupeza anali mlendo kwathu, munthu wabwino ndithu, koma Chinyanja chake chinali chapamsika. Anafunsa vuto, pakhonde podzaza anthu. Alamu ananong'ona kuti, "Ndapita padera." Iye anamva ngati akunena za ulendo, nafunsa mokweza kuti anapita kuti. Alamu anangofunda chitenje kumutu.

Pofika apa Chipwitikizi chinandithera, mawuwo ndinawatchula m'Chinyanja momwe alili. Ndinadzimva ndekha, koma mawu anali atatuluka kale.

"Tanthauzo lake?" anafunsa dokotala uja.

Ndinafotokoza kuti kwathu mayi sanena kuti mimba yachoka, mawu otero amabaya. Amati wapita padera.

"Nanga ukanakhala iwe, ukanamuyankha chiyani?"

"Sindikanayankha msanga. Ndikanamulowetsa m'chipinda, n'kutseka chitseko, n'kuyamba ndi pepani."

Analemba kanthu kena, osamwetulira. Ndinatuluka ndikudziwa kuti ndazigwetsa ndekha. M'chapa monse ndinkadzitukwana, ndipo nditafika ndinauza azakhali kuti andisungire malo pabenchi. Achimwene aphunzitsi aja atamva anagwira kumutu: "Iwe, pakamwa pakopo padzakuphetsa!"

Patapita masabata angapo, foni inalira ndili m'munda wa nyemba. Anditenga! Ndinakhala pansi pamzere pomwepo, khasu lili m'manja, ndikuseka ngati wopenga.

Nditayamba maphunziro ndinamva kuti sukuluyo imafunafuna anthu odzabwerera kumidzi. Anzeru oposa ine analipo ambiri, ena anawasiya, ndipo mwina kusukulu ya kumzinda ija ndi kumene anayenerako. Ine sindinayenereko, ndipo sindiidandaulanso. Achimwene mpaka lero amati ndi iwo anandikhozetsa. Ndimangowasiya, mphunzitsi sagonja.

Pano ndimagwira ntchito m'boma lathu lomweli, ndipo ndine wokhutira. Odwala amabwera ndi Chinyanja, ena Chilomwe, ena kusakaniza zonse m'chiganizo chimodzi. Mlungu wathawu kunabwera mayi wina panjinga, chitenje chili kumutu. Anayang'ana anthu a pakhonde, nayang'ana ine. Asanatsegule pakamwa ndinamugwira dzanja n'kulowa naye, ndipo ndinatseka chitseko.