Filimu yomwe ndinaonera theka

Pepani kuti ndalimba mtima kulemba, ine amene ndimachita manyazi ngakhale kunenerera mtengo pamsika. Koma pa mafilimu pokha ndimadzidalira. Ya karate ndimaipatsa mamalikisi asanu ndi awiri pa khumi, ya mizukwa awiri basi, chifukwa mumangokhala kukuwa kokhakokha.

Alamu anga, amuna a achemwali anga, atagula kanema wa sola ku Nsaru anafuna kusangalatsa apongozi awo, amayi anga.

"Alamu, inu ndinu odziwa," anatero. "Tisankhireni yoti tionere limodzi ndi amayi."

Ndinatchula ya mphunzitsi wina wolera ana amasiye. "Khumi pa khumi," ndinatero. "Mulibe chochititsa manyazi." Sindinawauze kuti ndinangoonera theka pafoni, batire n'kundithera.

Mu theka lachiwirilo mphunzitsi uja anapeza chibwenzi. Anayamba kupsompsonana, osafulumira n'komwe. Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Alamu anadina rimoti mwamantha, koma m'malo mozimitsa anakweza mawu. Achemwali anathamangira panja ati kukaona mbuzi, chonsecho sitiweta mbuzi.

"Kodi bambo, munatiitanira zimenezi?" anafunsa amayi.

Alamu anandiyang'ana. Ine ndinangoyang'ana zala zakumapazi, mlandu wonse n'kuwagwera iwo. Kuyambira pamenepo ankalambalala nyumba ya amayi, n'kumadzera m'munda wa fodya.

Lamulungu lapitali ndinapita kukaulula kwa amayi kuti wolakwa ndinali ine. Anandikalipira ndithu, n'kundituma kukaitana alamu. Ndili pakhomo amayi anandibweza, natsitsa mawu.

"Iwe, nanga pamapeto pake anakwatirana?"